Kuzizira kwayamba, nanga zogula nyumba zija tiyambire pati?

Make Tadala:
Mwaswera bwanji abale. Ndabwera ndi dandaulo komanso funso. Chiyambireni kuzizira kuno ku UK mawindo akuchipinda mmawa ulionse akumakhala madzi okhaokha kuchita kuyenderera mpaka pa kapeti, nde dzulo ndati ndisunthe wadiropu ndapeza khoma lonse kuseliko lili bii ndi nkhungu, nsapato za bambo a Tadala zachita chuku zonse. Mwana naye chifuwa sichikutha. Landilodi ndamuuza akuti muzitsegula mawindo. Kuzizira konseku?? Ine zalendi zanditopetsa, tagwirizana ndi bambo kuti chaka chamawa tigule yathu zivute zitani. Amene munagula kale tatiuzeni munayambira pati, komanso pakadali pano nkhunguyi ndiitani

Anti Nesi:
Pepani achemwali. Zogula tikambe bwino koma yambani ndi mwanayo, mupite naye kwa GP, dokotala wa kudera kwanu, ndipo mukanene kuti mnyumba muli nkhungu alembe mu failo. Nkhungu si yoseweretsa kuno. Mwana uja Awaab Ishak wa ku Rochdale anamwalira mu Disembala 2020 ali ndi zaka 2 zokha chifukwa chopuma nkhungu mnyumba yalendi, makolo ake anadandaula mpaka kutopa osathandizidwa. Nchifukwa chake kuli lamulo lija la Awaab's Law lokakamiza eni nyumba kukonza za nkhungu msanga, lomwe linayamba mu Okutobala 2025, kungoti panopa likukhudza nyumba za khonsolo ndi ma housing association (mabungwe ochititsa lendi nyumba zotchipa), za anthu wamba ayi

Make Tadala:
Yathuyi ndi ya munthu wamba anti

Anti Nesi:
Ngakhale choncho musamuuze pafoni pokha. Jambulani zithunzi, mulembereni email tsiku lioneke, akapanda kuchitapo kanthu pitani ku khonsolo kuli a environmental health amabwera kudzaona okha

Wa Ndirande:
Make Tadala ndifunse kaye osakwiya, nyemba mumaphika kangati pa sabata kkkkk

Make Tadala:
Aaa inu nyemba zalowa bwanji apa

Wa Ndirande:
Zalowa ndithu. Mpoto wa nyemba ukubwata kuyambira 9 mpaka 1 koloko wosavundikira, pambali madzi a nsima, kubafa wina akusamba madzi otentha, zovala zonyowa mwayanika pa radiator yofunditsa nyumba ija, mawindo onse tseke chifukwa tikuopa kuzizira. Nthunzi yonseyo ipita kuti? Imakafika pa khoma lozizira lija kuseli kwa wadiropu nkusanduka madzi basi. Landilodi wanuyo wayankha mwamwano koma penapake sakunama

Ankolo a ku Leicester:
Wa Ndirande wanena zoona ngakhale wanena moseka. Chinyezi chilipo cha mitundu iwiri ndipo muyenera kudziwa chanu ndi chiti musanakangane ndi mwini nyumba. China chimachokera kunja, denga likudontha, gutter yatsekeka ndi masamba madzi akutsikira pakhoma, kapena chikukwera kuchokera pansi, chimenecho mumaona banga limodzi lomwe limakula kukagwa mvula pena penti kufufuma, ndipo imeneyo ndi ntchito ya landilodi osati yanu. China ndi chomwe timapanga tokha ndi mpweya wathu ndi kuphika, chimaonekera pa mawindo mmawa, mmakona, kuseli kwa mipando. Chachiwirichi mankhwala ake ndi otopetsa koma amagwira. Vundikirani mapoto, yatsani fani ya kukhitchini ndi ya kubafa ndipo muzitseka zitseko zake, pamwamba pa mawindo ambiri pali timabowo totsegula tija tisiyeni totsegula usana ndi usiku, mmawa pukutani galasi ndi kansalu nkukafinyira mu sinki, wadiropu isagunde khoma lakunja musiye mpata wolowa dzanja. Ndipo nyumba isamazizire kufika poipa, a zaumoyo kuno amati chipinda chokhalamo chisatsike pa 18 digiri

NaPhiri:
Pressure cooker abale. Nyemba zonyika usiku theka la ola zapsa, gasi wochepa nthunzi yochepa. Ndi dehumidifier, makina ochotsa chinyezi mu mpweya, ine ndimayanika zovala mu kachipinda kamodzi nkutseka chitseko nkuiyatsa, madzi omwe ndimataya mmawa mungadabwe

Mnyamata wa Luton:
18 digiri ankolo ndi bilu yake mukuiona? Ine hita ndimayatsa kamagetsi kakang'ono kuchipinda basi, boila yofunditsa nyumba yonse ayi

Ankolo a ku Leicester:
Mphwanga yuniti ya magetsi ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi, taona pa bilu yako zalembedwa. Ngati uli wekha mchipinda chimodzi kwa ola limodzi chabwino, koma banja lonse aliyense ndi kahita kake mukuotcha ndalama. Chepetsa ma radiator a zipinda zomwe simugonamo, ndipo ngati boila ndi ya combi, yopanda thanki ya madzi otentha, tsitsa kutentha kwa madzi opita ku ma radiator afike cha mma 60 digiri, nyumba imafundabe koma gasi amapita pang'ono

Anti Nesi:
Ndipo chonde chonde ndanena chaka chatha ndinenanso. Mbaula kapena chootchera nyama cha makala musalowetse mnyumba, ngakhale mu garaja, ngakhale makala aoneke ngati azima. Mpweya wa carbon monoxide sununkha suoneka, umangomva mutu, chizungulire, tulo, basi osadzukanso. Alamu yake ikhalepo pafupi ndi boila ndipo muidine muone ngati ikulira. Mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo tulukani muimbe 0800 111 999. Magetsi akazima dera lonse ndi 105

Make Tadala:
Ndasunga manambalawo. Nanga boila ankolo, ma radiator akumwamba akumatentha pansi pokha pamwamba pali zii

Ankolo a ku Leicester:
Muli mpweya umenewo. Kakiyi kake kamagulitsidwa mmashopu a zida zomangira, kotchipa kwambiri. Zimitsani hita izizire, gwirani kansanza pansi pa kabawuti kali pakona yakumwamba, potokolani pang'ono mumva tsiii, madzi akangoyamba kutuluka mangani. Mukamaliza kaoneni kawotchi ka pa boila, muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 boila ikakhala yozizira. Koma boila yeniyeniyo musatsegule, ndi lamulo kuti landilodi aitane katswiri wa gasi wovomerezeka, wa Gas Safe, chaka chilichonse ndipo pepala lake akupatseni. Ngati simunalionepo lifunseni mu email yomweyo

Bambo a Yami (Glasgow):
Moni nonse kuno kumpoto kwayamba kale kuchita chisanu pa magalasi a galimoto. Ndiwonjezere ziwiri. Boila ikangozima tsiku lozizira kwambiri nkumalira ngati ikukhuthula madzi, musathamangire kuitana munthu wa mapaundi ambirimbiri, tulukani panja muone kapaipi kapulasitiki kochokera ku boila kopita ku dreni, kamaundana. Thirani madzi ofunda, osati obwata, kenako reset. Nthawi ya chisanu choopsa chija cha Beast from the East mu 2018 anthu ambiri anagona ndi majekete chifukwa cha kapaipi kameneka. Chachiwiri aliyense adziwe pomwe pali stopcock yotsekera madzi a nyumba yonse, nthawi zambiri ili pansi pa sinki kuseli kwa mabotolo a sopo aja, muiyese lero ngati ikupotoloka. Paipi ikaphulika 2 koloko usiku si nthawi yoyamba kufunsa pa gulu

Wa Ndirande:
Makamaka inu opita kumudzi pa Khrisimasi. Mwazimitsa zonse kuti musunge ndalama, muli pa nyanja ku Mangochi mukudya chambo, kuno paipi ya kudenga yaundana yaphulika siling'i yagwera pa sofa

Bambo a Yami (Glasgow):
Eeh. Siyani hita pa moto wochepa kapena tsekani madzi, wina azidzasuzumira. Ndipo werengani pepala la inshuwalansi, ambiri amati nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30 kapena 60 zina salipira

Make Tadala:
Zikomo nonse. Koma mwaona zonsezi nchifukwa chake ndikuti bola yanga, ndizikonza ndekha osapempha munthu

NaPhiri:
Mmm sisi pamenepo pang'onopang'ono. Ine ndinagula ndipo sindidandaula koma mudziwe kuti tsiku lomwe mwalandira makiyi, landilodi uja mumamutukwana mumtima ndinu. Boila ikafa mu Januwale palibe woimbira, mutulutse mapaundi masauzande angapo sabata yomweyo ana akunjenjemera. Anthu timasonkha dipoziti mpaka kobiri lomaliza nkulowa mnyumba akaunti ili mbee, nde dzinja loyamba limakupeza. Ine ndimauza aliyense kuti ndalama zikhale milu itatu, dipoziti, zolipira pogula monga loya ndi survey (kuunika ngati nyumba ili bwino) ndi galimoto yosamutsa, ndi ina yongokhala ya ngozi yosakhudza. Mulu wachitatuwo ngati palibe simunakonzeke, dikirani

Mnyamata wa Luton:
Dipoziti yake ndi zingati kwenikweni, ena akuti 5% ena 25%

Ankolo a ku Leicester:
Onsewo sakunama, zimatengera mapepala ako. Wokhala ndi ILR (chilolezo chokhala muno mopanda malire) kapena pasipoti yakuno atha kupeza mortgage, ngongole yogulira nyumba, ndi 5% kapena 10%. Wa viza ya ntchito mabanki ena amakana, ena amafuna dipoziti yokulirapo, ena amaona zaka zomwe wakhala mdziko muno ndi malipiro ako, ndipo malamulo awo amasinthasintha. Nchifukwa chake wa viza usamangolowa banki iliyonse nkumafunsira, ukakanidwa kangapo motsatizana zimasiya zipsera pa credit file, mbiri yako ya ngongole. Peza broker, munthu wokufunira mortgage, woona mabanki ambiri umuuze viza yako poyambirira. Za kuchuluka kwa ngongole kawirikawiri amachulukitsa malipiro a pachaka ka 4 kapena 4.5, nde ngati awiri mukupeza £50,000 pamodzi yembekezani cha mma £200,000 mpaka £225,000, akachotsanso ngongole ya galimoto ndi za ana zimatsika

Anti Nesi:
Ndipo ovataimu ndi ma bank shift, mashifiti oonjezera aja, mabanki ena sawerengera yonse, ena amafuna aone kuti yakhala ikubwera miyezi yambiri. Musadziwerengere ndi payslip ya Disembala yokha

Wa Ndirande:
Credit score yangatu ndi yonyozeka koma ngongole ndilibe ngakhale imodzi, zimatheka bwanji

NaPhiri:
Nchifukwa chomwecho, sakukudziwani. Munalembetsa pa electoral roll?

Wa Ndirande:
Kuvota? Ine si mzika yakuno

NaPhiri:
Malawi ili mu Commonwealth achimwene, ngati muli ndi chilolezo chokhala muno mukuloledwa kulembetsa ndi kuvota komwe. Pa gov.uk mphindi zochepa, mukhale ndi National Insurance number. Mabanki amagwiritsa kaundula ameneyo kutsimikiza kuti mumakhaladi pomwe mukunenapo. Kenako onani file yanu ku Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole, onse atatu chifukwa zomwe ali nazo zimasiyana, kuona nkwaulere. Pena mupeza bilu ya foni ya nyumba yakale yomwe munaiwala, ndipo default, chizindikiro choti simunalipire, imakhala pa file zaka 6. Credit card imodzi, muzigulira petulo nkubweza yonse mwezi ukatha, basi

Mnyamata wa Luton:
Nanga kabetcha ka mpira ka weekend kkkk kufunsira mnzanga

NaPhiri:
Muuze mnzakoyo kuti a banki amapempha ma statement a miyezi itatu pena kuposa ndipo amawerenga mzere ndi mzere. Kubetcha, overdraft mwezi ulionse, zogula pangongole za lipira pang'onopang'ono zija, zonse zimaoneka

Make Tadala:
Nde zotumiza kumudzi zimaonekanso? Ife mwezi ulionse timatumiza kwa amayi ndi fizi ya alamu anga, nthawi ino nde ya feteleza yawonjezekera

Ankolo a ku Leicester:
Zimaoneka ndipo si mlandu, musabise. Kungoti akaona ndalama yofanana ikutuluka mwezi ndi mwezi atha kuitenga ngati udindo wokhazikika nkuchepetsa zomwe angakubwerekeni. Chovuta chenicheni si banki ayi, ndi ifeyo. Novembala feteleza, Disembala Khrisimasi ndi matikiti, Januwale fizi, ndipo miyezi yomweyo ndi yomwe gasi ndi magetsi zimakwera kuno. Dipoziti yomwe munasonkha chilimwe chonse imathera pamenepa. Khalani pansi awiri mugwirizane kuti kumudzi kuzipita zakuti pamwezi, muwauzenso akumudziwo poyera kuti tikusonkha za nyumba. Maliro ndi matenda nzosapanganika izo, koma zinazi zimapanganika

Mbuya:
Ana inu mukamakamba chonchi ngati nzophweka. Mlongo wako akuimba kuti mvula yagwa feteleza palibe, uyankha kuti ndikusonkha za nyumba ya ku Ulaya? Adzati wasintha. Ine maganizo anga ndi akale, mangani kwanu kaye. Kuno ndi kuntchito

NaPhiri:
Mbuya ndi ulemu wonse, ana athu sukulu ndi yakuno, anzawo ndi akuno, ife lendi tikulipira kuno mwezi ulionse pomwe nyumba ya kumudzi mukugona msuweni waulere

Mbuya:
Msuweniyo ndi amene adzakulandire ukadzatopa mwanawe

Adimini:
Mkangano uwu tinaukamba kale osagwirizana kkkk, tiyeni tithandize Make Tadala

Bambo a Yami (Glasgow):
Ayi adimini musautseke, chifukwa zomwe anena a Mbuya zikukhudza ndalama mwachindunji ndipo ambiri sadziwa. Make Tadala, kumudzi muli ndi nyumba mdzina lanu kapena la bambo?

Make Tadala:
Bambo anamanga ku Area 49 tisanabwere, muli alendi. Ine dzina langa palibe. Bwanji?

Bambo a Yami (Glasgow):
Apo nde pali nkhani. Kuno akamati first time buyer satanthauza woyamba kugula mu UK, amatanthauza munthu amene sanakhalepo ndi nyumba kulikonse padziko lapansi, ngakhale yosiyiridwa ndi makolo. Nde bambo a Tadala si first time buyer

Make Tadala:
Aaaa. Nde zisintha chani

Ankolo a ku Leicester:
Stamp duty, msonkho wogulira nyumba. Ndiwerengere ndi nyumba ya £200,000 ku England malinga ndi mitengo yomwe inayamba pa 1 Epulo 2025. First time buyer salipira kanthu mpaka £300,000, nde iye ndi ziro. Munthu amene anakhalapo ndi nyumba koma pano alibe salipira pa £125,000 yoyamba, yotsalayo 2%, ndi £1,500. Koma amene akugula ali ndi nyumba ina kale yokwana £40,000 kapena kuposa, kaya ili ku Leeds kaya ku Lilongwe, amamuonjezera 5% pa mtengo wonse, inali 3% anaikweza mu Okutobala 2024. Nde 5% ya £125,000 ndi £6,250, 7% ya £75,000 ndi £5,250, pamodzi £11,500. Nyumba yomweyomweyo, wina ziro wina £11,500, ndipo imeneyi ndi ndalama yapamanja yolipira pogula

Wa Ndirande:
Mayo ine

Make Tadala:
Ndakhala pansi. Nanga tikagula mdzina langa lokha?

Ankolo a ku Leicester:
Pa 5% yoonjezerayo anthu okwatirana okhalira limodzi amawatenga ngati munthu mmodzi, nyumba ya bambo imakutsatani ngakhale asaine ndinu nokha. Komanso banki idzawerengera malipiro anu okha. Chofunika apa ndi mtengo wa nyumba ya ku 49 ija mu mapaundi, ngati sikufika £40,000 yoonjezerayo palibe, mutsala ndi £1,500 ija mukagula awiri. Pezani valuer, woyeza mtengo wa nyumba, wovomerezeka kumudzi alembe pepala, musangoyerekeza ndi mtengo wa dola wa pamsika wakuda

Bambo a Yami (Glasgow):
Kuno ku Scotland dzina ndi lina, LBTT, first time buyer salipira mpaka £175,000, koma yoonjezera ya nyumba yachiwiri nde 8%. Nde musathawire kuno kkkk

Mnyamata wa Luton:
Koma akadziwa bwanji za nyumba ya ku Area 49? HMRC ya misonkho yakuno ifika ku Gulliver ku 49 konko? Kungokhala chete basi

NaPhiri:
Iwe usaphunzitse anthu zimenezo. Umasaina pepala kwa loya kuti ulibe nyumba ina, kunama pamenepo ndi chinyengo cha msonkho, ndipo ndalama ya lendi ya nyumbayo ndi mauthenga ake zili mu foni ndi mu akaunti momwemo. Munthu ukudikira ILR ukufuna mlandu wa chinyengo pa dzina lako chifukwa cha chani

Mnyamata wa Luton:
Ndangofunsa anti

Wa Ndirande:
Nanga ife a puloti? Yanga ku Chileka ili pa window level chaka chachitatu ichi

Ankolo a ku Leicester:
Malo opanda kanthu si nyumba, koma lamulo lawo limawerengeranso nyumba yomwe ili mkati momangidwa. Nde iwe usadziweruze wekha, uza loya zonse ndi zithunzi ndi mapepala a malowo usanapereke offer, osati sabata yolandira makiyi

Mbuya:
Nde mukuti amene tinamanga kwathu tinalakwa

Ankolo a ku Leicester:
Ayi Mbuya, nanenso ndinamanga. Kungoti wachinyamata amene sanayambe kulikonse adziwe kuti kuyambira uku kapena uku mtengo wake ndi wosiyana, asankhe akudziwa

Make Tadala:
Nanga Lifetime ISA (LISA) ija, akaunti yosonkhera nyumba yoyamba? Ndinatsegula chaka chatha, bambonso amafuna atsegule

NaPhiri:
Yanu ili bwino chifukwa inu simunakhalepo ndi nyumba, mutha kuigwiritsa ntchito ngakhale mukugula ndi munthu amene si first time buyer. Ya bambo ayi, iwo akatsegula ndalamayo idikira mpaka adzakwane zaka 60. Kwa amene simukuidziwa, umatsegula uli ndi zaka 18 mpaka 39, umaika mpaka £4,000 pachaka boma nkuonjezera 25%, kutanthauza £1,000 yaulere. Chaka chake chimatha pa 5 Epulo, nde mukaika £4,000 isanafike 5 Epulo ndi ina ikangodutsa 6 Epulo mwatenga mabonasi awiri. Nyumba isapitirire £450,000 ndipo akaunti ikhale itatha miyezi 12. Koma musaikemo ndalama ya ngozi ija, mukaitulutsa pa zifukwa zina amadula 25% ya zonse, munaika £4,000 yakhala £5,000, akudula £1,250 mwatsala ndi £3,750, mwaluza ndi yanu yomwe

Mnyamata wa Luton:
Ine ndili ndi zaka 39 mwezi wa Malichi ndikwana 40

NaPhiri:
Nde ukutchedwa mnyamata bwanji kkkkk. Tsegula usiku uno ngakhale ndi £1

Anti Nesi:
Wina anene za chipereganyu chonde, ife cha kuntchito chinativutitsa kwa loya

Bambo a Yami (Glasgow):
Eya. Chipereganyu nchabwino, ambiri dipoziti tinaipeza momwemo, koma loya ndi banki amafuna adziwe komwe kobiri lililonse lachokera chifukwa cha malamulo oletsa kuyeretsa ndalama zakuba. £6,000 yangogwa mu akaunti kuchokera kwa anthu khumi osiyanasiyana, kapena mwakaponya kashi pa makina, adzafunsa. Muziyendetsa pa banki osati pamanja, pakhale pepala la mayina ndi masiku olandira, ndipo broker adziwe msanga, makamaka ngati mwalandira koyambirira mukadali ndi miyezi yoponya chifukwa imeneyo ena amaiona ngati ngongole. Ndalama yopatsidwa ndi m'bale amafuna kalata yoti ndi mphatso sadzaifunanso, ndi ID yake ndi statement yake. Yochokera kunja kwa dziko nde mafunso amachuluka

Make Tadala:
Mutu wanga wazungulira. Nde mwezi ulionse tizidzalipira zingati, kuposa lendi?

Ankolo a ku Leicester:
Chitsanzo, ngongole ya £180,000 pa chiwongoladzanja cha 4.5% zaka 25 ndi pafupifupi £1,000 pamwezi. Onjezani council tax, inshuwalansi ya nyumba, gasi, magetsi, madzi, ndipo ngati ndi flat ya leasehold, yomwe umakhala mwini wake kwa zaka zowerengeka, pali service charge, ndalama yosamalira chinyumba chonse, yomwe imakwera mmene afunira, muonenso zaka zotsala pa lease zisayandikire 80. Chiwongoladzanja nachonso sichikhala malo amodzi, amene anamanga fixed yotsika, chiwongoladzanja chosasintha kwa zaka zingapo, mu 2021 anadzalira itatha, Bank of England itakweza mpaka 5.25% mu 2023. Yesani izi miyezi yozizirayi, muzikhala ngati mwagula kale. Werengerani mortgage ndi zonsezo, kusiyana kwake ndi lendi yanu muziika pambali tsiku la malipiro kuyambira pano mpaka Malichi. Mukadutsa Disembala ndi Januwale osaikhudza nde kuti mungathe, ndipo ndalamayo yakhala mulu wa ngozi uja amanena NaPhiri

NaPhiri:
Komanso kaoneni nyumba nthawi inoyi ngakhale simunakonzeke, kuona nkwaulere. Mu Juni nyumba iliyonse ndi yokongola. Pitani tsiku la mvula, nunkhizani mukangolowa, gwirani khoma lakunja ndi dzanja, suzumirani kuseli kwa makatani ndi mu kabati ya pansi pa masitepe, khoma limodzi lokha lopakidwa penti watsopano likuuzeni kanthu. Funsani boila ili ndi zaka zingati, aiyatse muli pomwepo. EPC, pepala loonetsa mmene nyumba imadyera gasi ndi magetsi, ya nyumba iliyonse yogulitsa ili pa intaneti mwaulere kuyambira A mpaka G, ya E ndi ya C kusiyana kwake mudzakuona pa bilu. Kudenga insulation yoyenera ndi 270mm, zakale zambiri zili ndi kochepa. Ma terrace akale a njerwa aja otchipa makoma ake alibe mpata pakati, amazizira ndipo nkhungu yomwe mukuithawayo mukaipeza komweko, ulendo uno ili yanu

Bambo a Yami (Glasgow):
Ndipo valuation ya banki si survey, iwo amangofuna kudziwa ngati ndalama yawo ibwerera. Lipirani surveyor wanu, Level 2, nyumba yakale kwambiri Level 3. Kuno ku Scotland wogulitsa ndi amene amapereka Home Report, lipoti la mmene nyumba ilili, koma ku England ndi thumba lanu

Make Tadala:
Chabwino. Email kwa landilodi ndalemba ndi zithunzi zomwe, GP ndiimba mmawa 8 koloko. Bambo akabwera ku night ndiwaonetsa za £11,500 zi, kaya akomoka kaya. Alipo akudziwa valuer ku Lilongwe woti pepala lake loya wakuno angalilandire?

Ankolo a ku Leicester:
Funsani kaye loya wakunoyo kuti akufuna pepala lotani musanalipire munthu kumudzi. Ndikutumizirani ku inbox amene anandithandiza ine

Wa Ndirande:
Stopcock yanga ndaipeza koma siikupotoloka ngakhale pang'ono, ndimenye ndi hamala?

Bambo a Yami (Glasgow):
Ayi ayi muthyola. Uzani landilodi atumize pulambala sabata ino

Mnyamata wa Luton:
LISA ndatsegula ndaikamo £1. Koma akufunsa ngati ndinakhalapo ndi nyumba, nde ija bambo anatisiyira ku Zingwangwa tili ana asanu ija ikuwerengedwa?

NaPhiri:
Mapepala ake ali mdzina la ndani?

Mnyamata wa Luton:
Ndifunse achemwali akulu, kumudzi pano agona